Family Weekend: masiku amene mabanja amachezera ophunzira m'mayunivesite a ku America

Family Weekend ndi mwambo wa m'sukulu zambiri zaukachenjede za m'dziko la America, umene makolo, abale ndi ena olera ophunzira amaitanidwa kukacheza pasukulu kwa masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Mwambowu umachitika maphunziro ali mkati. Makalasi amakhala akuphunzitsidwa, mahositelo ali odzaza, ndipo wophunzira amakhala ali ndi ntchito yoti akapereke Lolemba. Pachifukwachi, mlendo amaona sukulu monga imakhalira masiku onse, ndipo amaona mwana wake ali m'kati mwa moyo umene wauyamba kutali ndi kwawo.

Mwambowu ndi wosiyana ndi miyambo ina itatu imene nayonso imasonkhanitsa anthu pasukulu. Woyamba ndi wolandira ophunzira atsopano, umene umachitika mu Ogasiti pamene makolo amakasiya ana ndi katundu wawo. Wachiwiri ndi Homecoming, umene eni ake ndi anthu amene adaphunzira kale pasukulupo. Wachitatu ndi Commencement, mwambo wopereka madigiri, umene m'sukulu zambiri umachitika mu Meyi. Family Weekend imagwa pakati pa kusiya mwana ndi kukamuona atavala mkanjo, pa nthawi imene banja lingathe kuthandizapo ngati china chake sichikuyenda bwino.

Chiyambi cha mwambowu

Mizu ya mwambowu ili m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, pamene sukulu zina zidayamba kupatula tsiku la abambo ndi tsiku la amayi. Ku University of Illinois, tsiku loyamba la abambo lidachitika m'chaka cha 1920. Bungwe la abambo a ophunzira pasukuluyi lidakhazikitsidwa mu 1922, ndipo la amayi lidatsatira mu 1923. Ku Texas A&M University, mwambo wolandira makolo udayamba mu 1919 ndipo mpaka lero umachitika m'nyengo ya kumayambiriro kwa chaka, pamene chisanu chatha.

Kwa zaka zambiri dzina lofala lidali Parents' Weekend, kutanthauza masiku a makolo. Sukulu zambiri zidasintha dzinali kukhala Family Weekend pozindikira kuti si wophunzira aliyense amene adaleredwa ndi bambo ndi mayi ake omubereka. Ena adakulira m'manja mwa agogo, azakhali, amalume, mchemwali kapena achimwene, ndipo ena ndi ophunzira achikulire amene mlendo wawo ndi mkazi, mwamuna kapena ana awo. Dzina latsopanoli limatsegulira khomo onsewa.

Sukulu iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Harvard imapatula masiku a mabanja a ophunzira a chaka choyamba. University of Notre Dame, m'chigawo cha Indiana, imadziwika ndi mwambo wa makolo a ophunzira a chaka chachitatu, umene umachitika mu Febuluwale. Stanford, ku California, nayonso imalandira mabanja chakumapeto kwa Febuluwale. Ohio University idatchuka ndi kukhala ndi masiku osiyanasiyana a abambo, a amayi, komanso a abale ndi alongo a ophunzira.

Amalawi akhala akuphunzira ku America kuyambira kalekale. John Chilembwe adapita ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, mu 1897 ndipo adabwerera kwawo mu 1900. Hastings Kamuzu Banda adamaliza maphunziro audokotala ku Meharry Medical College mu 1937, pamene William Kamkwamba adalandira digiri yake ku Dartmouth College mu 2014. Lero alipo ophunzira ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, komanso ana a mabanja amene adakhazikika ku America, amene makolo awo amalandira kalata yowaitanira ku mwambowu chaka ndi chaka.

Nthawi yake ndi chifukwa chake

Chaka cha maphunziro ku America chimayamba chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Sukulu zambiri zimaika Family Weekend pakati pa kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Novembala, patatha masabata anayi kufika asanu ndi atatu ophunzira atafika.

Nthawiyi si yongosankha mwachisawawa. Masabata oyambirira wophunzira watsopano amakhala wotengeka ndi zachilendo: anzake atsopano, chakudya chatsopano ndi ufulu umene sadauzolowere. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, zachilendozo zimakhala zazizira ndipo zenizeni zimayamba kuoneka. Mayeso a pakati pa semesita amakhala afika kapena ali pafupi, ndalama za m'thumba zachepa, kusamvana ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi kwayamba, ndipo kupukwa kwawo kwagwira. Kumadera a kumpoto kwa dzikolo, monga Michigan, Minnesota ndi Massachusetts, dzuwa limayamba kulowa msanga ndipo kuzizira kumakula tsiku ndi tsiku. Tchuthi choyamba chimene ophunzira ambiri amapita kwawo ndi cha Thanksgiving, chimene chimakhalako Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, choncho Family Weekend imadula pakati nyengo yaitali imene mwana ndi banja sakadaonana.

Apa ndi pamene pagona phindu lalikulu la ulendowu. Mwana akhoza kunena pafoni kuti zonse zili bwino, koma maso a kholo amaona zimene foni imabisa: thupi latsika, tulo tikusowa, chipinda chilibe bulangete lokwanira, kapena palibe ndi mmodzi yemwe amene akumupatsa moni m'njira. Chimodzimodzinso, kholo limene limagona ndi nkhawa limatsitsimuka likaona mwana akuyenda modzidalira, akutchula anzake mayina ndipo aphunzitsi akumudziwa.

Lachisanu: makalasi ndi maofesi

Lachisanu ndi tsiku la ntchito, ndipo ndilo limapereka mwayi woona sukulu ikugwira ntchito yake. Mabanja amayamba ndi kulembetsa pamalo olandirira alendo, pomwe amalandira ndandanda ya zochitika, mapu a sukulu ndi kabaji kolembedwa dzina. Sukulu zambiri zimatulutsa mndandanda wa makalasi amene alendo akuloledwa kulowamo. Mlendo amakhala kumbuyo, samayankha mafunso ofunsidwa kwa ophunzira, ndipo amazimitsa foni. Ola limodzi la m'kalasi limaonetsa kholo liwiro limene maphunziro amayendera, kuchuluka kwa zowerenga, ndi momwe ophunzira amatsutsirana ndi mphunzitsi momasuka, chinthu chimene chimadabwitsa ambiri amene adaphunzira m'sukulu zimene mawu a mphunzitsi sabwezedwa.

Kupatula makalasi a tsiku ndi tsiku, aphunzitsi ena amakonza maphunziro apadera a alendo, ofotokoza kafukufuku wawo m'mawu osavuta. Nthambi za sayansi ndi zaumisiri zimatsegula malabotale, ndipo m'nyumba zowerengeramo mabuku mumaonetsedwa zolemba zakale zimene masiku ena zimakhala zotsekeredwa.

Tsiku lomweli maofesi othandiza ophunzira amatsegula zitseko. Ofunika kwambiri ndi awa: ofesi yoona za fizi ndi thandizo la ndalama, chipatala cha pasukulu, ofesi ya uphungu wa zam'maganizo, malo othandizira ophunzira pa masamu ndi kulemba, ofesi yowakonzekeretsa kupeza ntchito, ndi apolisi a pasukulu. Banja likadziwa pamene maofesiwa ali ndi ntchito imene amagwira, limakhala ndi cholozera mwana tsiku limene adzaimbe foni ali m'mavuto. Thandizo lambiri la m'maofesiwa limakhala litalipiridwa kale kudzera mu fizi, koma ophunzira ena amamaliza chaka chonse osapondako phazi chifukwa cha manyazi kapena kusadziwa.

Kwa banja la wophunzira wochokera kunja, ofesi yoona za ophunzira a m'mayiko ena ndiyo yoyamba kuiyendera. Kumeneko amafotokoza malamulo a visa ya F-1, imene ophunzira ambiri akunja amakhala nayo. Wophunzira wa digiri yoyamba amayenera kutenga maphunziro okwana makirediti 12 pa semesita, ndipo sukulu ikakhala yotsegula amaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu pomwepo kwa maola osapitirira 20 pa sabata. Kugwira ntchito kunja kwa sukulu popanda chilolezo kukhoza kumulanditsa ufulu wokhala m'dzikolo. Banja lomvetsa lamuloli siliyembekezera kuti mwana azitumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi ngati munthu amene adapita kukagwira ntchito.

Loweruka: msonkhano, zisudzo ndi mpira

Loweruka m'mawa mkulu wa yunivesite, kapena womuimira, amalankhula kwa mabanja m'holo yaikulu. Amafotokoza momwe sukulu ikuyendera, zomanga zimene zili mkati ndi nkhani za chitetezo, ndipo m'sukulu zambiri amalandira mafunso. Pambuyo pake nthambi zosiyanasiyana zimakonza timadyerero ting'onoting'ono, pomwe makolo amakumana ndi aphunzitsi maso ndi maso. Awa ndi malo odziwana ndi kuthokoza. Kufunsa mphunzitsi za malikisi a mwana pagulu kumachititsa manyazi wophunzira, ndipo mphunzitsiyo sangayankhe chifukwa cha lamulo limene lafotokozedwa m'munsimu.

Masana ndi madzulo ndi a ophunzira. Makwaya, magulu oimba ndi mawu okha popanda zing'wenyeng'wenye, magulu a zisudzo ndi a magule amaonetsa luso lawo. M'sukulu zambiri muli bungwe la ophunzira ochokera ku Africa, ndipo mlendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata akakumana nawo amadziwa anthu amene mwana wake amathawirako akalakalaka chakudya ndi chilankhulo cha kwawo. Sukulu zina zimakonza mpikisano wothamanga makilomita asanu umene aliyense angalowe nawo, msika wa alimi, ntchito yongodzipereka yothandiza osowa m'dera loyandikana nalo, kapena kanema wa panja.

M'mayunivesite akuluakulu, chochitika chimene chimakoka anthu ambiri ndi mpira wa ku America, umene ndi wosiyana kotheratu ndi mpira wamiyendo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, mpira wake ndi wosongoka mbali ziwiri, ndipo umanyamulidwa ndi kuponyedwa ndi manja. Kuufikitsa kumapeto kwa bwalo la adani, kumene kumatchedwa touchdown, kumapatsa timu mapointi asanu ndi limodzi. Masewerowa ali ndi zigawo zinayi za mphindi 15, koma chifukwa wotchi imaimaima, amatenga maola oposa atatu. Pa nthawi yopuma, bandi ya ophunzira mazana angapo imaguba m'bwalo ikuimba, ndipo kwa alendo ambiri imeneyi ndiyo mbali yosaiwalika.

Kukula kwa mabwalowa kumadabwitsa. Michigan Stadium, bwalo la University of Michigan mumzinda wa Ann Arbor, mumalowa anthu 107,601, kuposa kuwirikiza kawiri chiwerengero cha anthu olowa mu Bingu National Stadium ku Lilongwe. Masewero asadayambe kumakhala chimene eni ake amachitcha tailgate: mabanja amaimika galimoto pafupi ndi bwalo, kutsegula kumbuyo, kuyatsa mbaula ndi kuwotcha nyama kwa maola angapo. Matikiti a mpira amagulidwa padera ndipo amatha msanga. Mabwalo ambiri salola zikwama zikuluzikulu, ena amalola zoonekera mkati zokha, ndipo ena salola chikwama chilichonse.

Mpira si wokakamiza. Ukaphatikiza ndi ulendo wopita kubwalo ndi kubwerako, umadya tsiku lonse, ndipo m'phokoso la anthu zikwizikwi simukambidwa nkhani ya mtima. Banja limene labwera kuchokera kutali ndipo lili ndi masiku awiri okha likhoza kupindula kwambiri ndi kuyenda pang'onopang'ono pasukulu pamene khamu lili kubwalo.

Malo okaona: chitsanzo cha Michigan State University

Mayunivesite ambiri a ku America ali ngati timatauni, ndipo ali ndi malo amene alendo angaone osalipira kanthu kapena polipira pang'ono. Michigan State University, mumzinda wa East Lansing, ndi chitsanzo chabwino, komanso ndi sukulu imene ili pa ubale wakale ndi dziko la Malawi. Dokotala wa pasukuluyi, Terrie Taylor, wakhala akuchita kafukufuku wa malungo a ana pachipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Sukuluyi ilinso mumgwirizano wa Alliance for African Partnership, umene udayamba mu 2016 ndipo Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources ndi membala.

Sukuluyi idakhazikitsidwa mu 1855 ngati koleji ya zaulimi, ndipo lero ili ndi ophunzira pafupifupi 50,000. Mtsinje wa Red Cedar umadutsa pakati pake, ndipo mu Okutobala masamba a mitengo ya m'mbali mwake amasanduka ofiira ndi achikasu asadayoyoke. Pafupi ndi mtsinjewu pali munda wa zomera wa W. J. Beal, umene udayamba mu 1873. William Beal yemweyo adakwirira mabotolo 20 a njere mu 1879 pofuna kudziwa zaka zimene njere ingakhale m'nthaka isadafe. Botolo lina lidafukulidwa mu 2021 ndipo njere zina zidamera, patatha zaka zoposa 140. Mlendo aliyense amene adalimbanapo ndi udzu m'munda amamvetsa msanga funso limene Beal ankafuna kuyankha.

Pasukulu pomwepa pali Eli and Edythe Broad Art Museum, nyumba ya zaluso imene adaijambula ndi katswiri wa mapulani Zaha Hadid ndipo idatsegulidwa mu 2012. Palinso Abrams Planetarium, momwe alendo amaonera kayendedwe ka nyenyezi padenga lozungulira, munda wa ana wa 4-H, ndi sitolo ya zamkaka ya pasukulu yotchuka ndi ayisikilimu.

Sukulu zina zili ndi zawo. Harvard ili ndi maluwa opangidwa ndi galasi m'nyumba yake yosungiramo zachilengedwe, Yale ili ndi nyumba ya zaluso imene idayamba mu 1832 ndipo kulowamo ndi kwaulere, pamene Penn State imadziwika ndi ayisikilimu wa ku Berkey Creamery. Komabe, malo amene amaphunzitsa banja zambiri ndi amene wophunzira amapondamo tsiku ndi tsiku: chipinda chake, holo yodyeramo, pakona pamene amawerengera, ndi njira imene amadutsa usiku pochokera kokawerenga.

Ana, agogo ndi tsiku la Lamulungu

Ang'ono ake a wophunzira amapindula ndi ulendowu m'njira yawoyawo. Mwana wa kusekondale amene walowa m'labotale kapena wakhala m'kalasi ya yunivesite amabwerera ndi chithunzi cha kumene maphunziro angamufikitse. Sukulu zambiri zimakonza masewero a ana aang'ono, ndipo maofesi olembetsa ophunzira atsopano amayendetsa achinyamata pasukulu ndi kuwafotokozera zofunika kuti adzapeze malo. Malamulo ogoneka mlendo m'hositelo amasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo nthawi zonse pamafunika kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi avomere.

Agogo ndi anthu aulumali amafunika kuwaganizira pasadakhale, chifukwa mitunda ya pasukulu ndi yaitali. Fomu yolembetsera imakhala ndi malo opempherapo thandizo monga mpando wamatayala, malo oimika galimoto pafupi ndi khomo, kapena womasulira chilankhulo cha manja.

Lamulungu m'mawa kumakhala mapemphero a mipingo yosiyanasiyana m'matchalitchi a pasukulu ndi oyandikana nayo. Asilamu amakhala ndi Swala ya Lachisanu, ndipo a Seventh-day Adventist amapembedza Loweruka. Kupita limodzi kokapemphera kumathandiza banja kudziwa anthu amene amasamalira mwanayo kunja kwa kalasi. Kenako kumakhala chakudya chotsanzikirana, ndipo mabanja ambiri amapita kusitolo kukagulira wophunzira zofunika: jekete lochindikala, nsapato za m'chipale chofewa, sopo ndi zakudya. Pofika masana a Lamulungu alendo amayenera kunyamuka, pakuti wophunzira amafunika madzulowo kukonzekera makalasi a Lolemba. Akuluakulu adati mlendo ndi mame.

Malamulo awiri amene amadabwitsa makolo

Loyamba ndi lamulo la Family Educational Rights and Privacy Act, lodziwika kuti FERPA, limene lidakhazikitsidwa mu 1974. Lamuloli limati munthu akakwanitsa zaka 18, kapena akangolowa sukulu yaukachenjede, ufulu pa zolembedwa za maphunziro ake umachoka m'manja mwa makolo n'kukhala wake. Kulipira fizi pakokha sikupatsa kholo mphamvu yolamula kuti lione malikisi. Pali zochitika zina zimene lamulo limalola sukulu kudziwitsa makolo, monga pamene moyo kapena chitetezo cha wophunzira chili pangozi, koma njira yodalirika ndi yakuti wophunzirayo asayine chilolezo. Family Weekend ndi nthawi yabwino yokambirana nkhaniyi modekha, chifukwa chilolezo chopereka mwana mwa kufuna kwake chimasunga ubale kuposa chochita kumukakamiza.

Lachiwiri ndi la mowa. M'zigawo zonse za America munthu saloledwa kugula mowa asadakwanitse zaka 21, msinkhu umene udafalikira m'dziko lonse kutsatira lamulo la 1984. Ophunzira ambiri a chaka choyamba mpaka chachitatu sadafike msinkhuwu. Mlendo wogulira mowa anzake a mwana wake, kaya pa tailgate kaya m'lesitilanti, akhoza kuimbidwa mlandu, ndipo wophunzirayo akhoza kulangidwa ndi sukulu.

Banja liyeneranso kudziwa manambala awiri. Pa ngozi iliyonse nambala yake ndi 911. Munthu amene wathedwa nzeru kapena akuganiza zodzipha amaimba kapena kutumiza uthenga ku 988, nambala imene idayamba kugwira ntchito mu Julayi 2022 ndipo imayankhidwa usana ndi usiku.

Kukonzekera ndi ndalama

Sukulu zimalengeza masiku a mwambowu miyezi ingapo pasadakhale patsamba lawo la pa intaneti. Kwina kulembetsa ndi kwaulere, kwina kuli ndi mtengo, ndipo chakudya, mpira ndi zoimbaimba zikuluzikulu zimalipiridwa padera. Chimene chimadya ndalama zambiri ndi malo ogona. Mayunivesite ambiri ali m'matauni ang'onoang'ono okhala ndi mahotela ochepa, ndipo pa masiku amenewa mitengo imakwera, zipinda zimatha msanga, ndipo mahotela ena amafuna kuti mlendo alipire masiku osachepera awiri. Mabanja ozolowera amasungitsa malo masiku akangolengezedwa, kapena amagona m'tauni yoyandikana nayo.

M'malesitilanti operekera chakudya patebulo, mwambo ndi wakuti wodya awonjezere ndalama yothokoza woperekera ya pakati pa 15 ndi 20 peresenti ya bilu. Mitengo yolembedwa m'masitolo nthawi zambiri sikhala itaphatikiza msonkho. Chithandizo cha kuchipatala ndi chodula kwambiri, choncho mlendo wochokera kunja amafunika inshulansi ya paulendo.

Kholo lochokera kumudzi silipita kwa mwana chimanjamanja, koma malamulo a pachipata ndi okhwima. Chakudya chilichonse chiyenera kuululidwa kwa oyang'anira za kasitomu. Nyama, zipatso ndi masamba aziwisi, mbewu ndi zomera kawirikawiri zimalandidwa, ndipo wobisa amalipitsidwa chindapusa. Ndalama zoposa $10,000 nazonso ziyenera kuululidwa.

Chofunika kuposa zonsezi ndi kufunsa wophunzirayo asadagulidwe matikiti. Iye ndiye mwini mudzi pa masiku amenewa. Amadziwa tsiku limene ali ndi mayeso, maola amene ali pantchito, ndi zimene akufuna kuonetsa abale ake. Ndandanda ya sukulu imatha kukhala ndi zochitika makumimakumi, koma ziwiri kapena zitatu pa tsiku ndi zokwanira. Nthawi yotsalayo ndi ya kukhala pansi, kudya limodzi ndi kumvetsera. Mafunso onga akuti amadya ndi yani, phunziro limene likumuvuta ndi liti, ndipo akadwala amapita kuti, amatsegula pakamwa kuposa funso lofuna malikisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani ya visa

Mlendo wokacheza ku America amafunika visa ya B-2, imene kawirikawiri imaperekedwa pamodzi ndi ya B-1. Wopempha amadzaza fomu ya DS-160 pa intaneti, kulipira $185, mtengo umene udayamba mu Juni 2023, ndi kukaonekera kuofesi ya kazembe. Ndalamayi sibwezedwa ngakhale visa ikanidwe, ndipo kalata yoitana yochokera kusukulu si chitsimikizo chakuti visa iperekedwa.

Kwa nzika za Malawi ndi Zambia, njira idavutirapo kuyambira mu 2025. Pa 20 Ogasiti chaka chimenecho, boma la America lidayamba ndondomeko yofuna kuti nzika za mayiko awiriwa zopempha visa ya B-1 kapena B-2 zipereke chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000, chimene chimabwezedwa munthu akatuluka m'dzikolo pa nthawi yake. Mu Disembala 2025, Pulezidenti Donald Trump adasayina chilengezo chimene, kuyambira pa 1 Januwale 2026, chidaimitsa kulowa kwa nzika za mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pa mavisa a alendo ndi a ophunzira. Chilengezocho sichidakhudze anthu amene adali kale ndi visa yogwira ntchito pa tsikulo, okhala ndi chilolezo chokhazikika ku America, kapena nzika za mayiko awiri zoyenda pa pasipoti ya dziko limene silidatchulidwe. Malamulo a mtundu umenewu amasintha kawirikawiri, choncho banja liyenera kumva kuchokera kuofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena ku Lusaka lisadawononge ndalama pa tikiti ya ndege.

Pamene banja silingathe kufika

Ophunzira ambiri, a ku America komweko ndi akunja omwe, amakhala opanda mlendo pa masikuwa chifukwa cha mtunda, ndalama, ntchito kapena visa. Kwa iwo mwambowu ukhoza kukhala wowawa, pakuti kulikonse kumene ayang'ana amaona anzawo ali ndi makolo. Sukulu zina zimaulutsa pa intaneti zolankhula za mkulu wa yunivesite ndi misonkhano ya maofesi, ndipo zina zimakonzera ophunzira oterewa chakudya ndi maulendo apadera.

Banja lili kutali lingachitepo zingapo. Likhoza kupangana ndi mwana nthawi yoimbirana pa WhatsApp kuti awaonetse chipinda chake, holo yodyeramo ndi anzake. Mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi ya ku Malawi ndi ku Zambia imakhala patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi poyerekeza ndi ya ku New York kapena East Lansing, ndi maola asanu ndi anayi poyerekeza ndi ya ku California. Kusiyanaku kumawonjezekera ndi ola limodzi kuyambira Lamulungu loyamba la Novembala, pamene mawotchi a ku America amabwezedwa m'mbuyo. Banja likhozanso kupempha wachibale, mnansi kapena munthu wa mumpingo wokhala ku America kuti akaimire makolo, popeza dzina la mwambowu limalola aliyense amene wophunzirayo amamuona ngati wake.

Mabanja amene akwanitsa kufika ali ndi mbali yawonso. Ndi chizolowezi chofala kuitanira kuchakudya mnzake wa mwana amene alibe mlendo, ndipo m'malesitilanti a m'matauni a mayunivesite si zachilendo kuona tebulo la banja limodzi pali ophunzira atatu kapena anayi. Kwa kholo limene lidakula likumva kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, mpando wowonjezera patebulopo sufuna kuchita kupemphedwa.